Kachipangizo ka Mlamu

"Alamu, mawa abwana ayesa tizipangizo tathu pa makina ophwanya miyala," anatero mnyamata wina kwa injiniya wamkulu, yemwe anali mlamu wake, n'kupita kukadya.

Injiniya wamkulu mtima unamuwawa. Zaka khumi pantchito, wotamandidwa n'kukhala mlamu wobwera dzana! Anatsegula pulogalamu ya kachipangizo ka mlamuyo, koyeza kugwedezeka n'kutumiza manambala popanda waya. Malire a muyeso wa mphamvu ya kugwedezeka anawachotsa pa 2g n'kuwakweza kufika pa 16g, kuti kasamamve bwino kugwedezeka kwakung'ono.

M'mawa mwake makina anagwedezeka ngati agwetsa denga. Ka injiniya kanafika pa malire ake a 2g n'kuuma pomwepo. Ka mlamu kanawerenga zonse.

"Unadziwa bwanji kuti pafunika 16g?" abwana anafunsa mnyamatayo.

"Inetu ndinaiwala kusintha, bwana. Kaya ndi mngelo uti anandikonzera."

Injiniya anawerama, n'kuyamba kumanga nsapato yomanga kale.