Galimoto Yatsopano ya Davide

Galimoto itakhula kumimba pa hampu yachitatu ya m'tauni ya Ruaka, a Kamwendo anagwiritsa mpando ndi manja onse awiri. Iwo anali atsibweni ake a Lorna, ndipo anabwera kuchokera ku Dedza kudzaona ngati Davide ndi woyenera kupatsidwa mkazi.

Davide anagula galimotoyo sabata yomweyo kuti awagometse. Inali yatsopano, ya zitseko ziwiri, yopangidwa dala kuti izioneka ngati galimoto zamphamvu zakale za ku Amereka. Lorna anali atapanikizika kumbuyo, maondo ali pachibwano.

Davide anaponda mafuta, injini inabangula, koma kutsogolo maminibasi, omwe kumeneko amawatcha matatu, anali atatseka msewu. Mayi wina wosenza nthochi anawapitirira wapansi.

"Phokosoli munapita nalo kwa makaniko?" anafunsa a Kamwendo.

"Ndi mmene anaipangira, bambo."

"Ndikuidziwa. Mzungu wa ku esiteti ya fodya anali nayo yotereyi ine ndili sitandade 3."

Davide anati awauze kuti yangotsika kumene m'sitima, koma mkuluyo anali atatembenukira kale kumbuyo.

"Lorna, ndinkaopa kuti wapeza anyamata a m'tauni otengeka ndi zonyezimira. Ndikanakana lero lomwe. Koma munthu wosunga galimoto yokalamba chonchi, n'kumaipukuta osachita nayo manyazi, iwenso sadzakutaya."

Lorna anamutsina Davide paphewa.



"Zoona, bambo," anatero Davide motsitsa mawu. "Inali ya malemu agogo."