Miyala ya Pansi pa M'bawa

Timoti anaponya mwala womaliza mu wilibala, n'kuyang'ana uku ndi uku ngati wakuba. Mudzi wonse unali ku maliro ku Mpama.

Mulu wa miyalawo unali pansi pa mtengo wa m'bawa, kuseri kwa nyumba ya apongozi ake ku Mikolongwe. Chikwatirire Doreen mu 1996, Timoti ankaona ulemu umene malowo ankalandira. Amuna ankavula zipewa podutsa. Amayi ankatsitsa mawu. Doreen ankasesapo Loweruka lililonse. Onse ankati pagona kholo limene linatsogolera mtundu wawo pochoka ku Mozambiki, ngakhale dzina lake panalibe wolidziwa.

Koma mvula inali itadya maziko a nyumba yake, khoma litayamba kupendekera komwe kumagona mwana. Miyala ina inali kutali, kuphiri.

Sabata isanathe, mwana wawo Limbikani anatentha thupi. Doreen sanakalipe. Anangonyamula mphasa ndi mwana, n'kusamukira kwa amayi ake. Alamu ake a Timoti anasiya kumuyankha moni. Ku mjigo nkhani inali imodzi: mkamwini waputa mizimu.

Timoti chakudya chinaleka kumulowa. Akagona m'nyumbamo ankamva ngati wagonera munthu pachifuwa. Mwana akalira kutsidya kwa bwalo, ankatseka makutu.

Abale anatumiza uthenga kwa a Kalisto, malume a apongozi ake a Timoti, nkhalamba imene inatha zaka zambiri ku maesiteti a tiyi ku Thyolo osaponda kwawo. Atafika, mudzi unasonkhana pansi pa m'bawa. Timoti anagwada pomwe panali mulu, mbuzi yopepesera ataigwira pachingwe.

"Ndalakwa, agogo," anatero. "Ndapasula manda a kholo lanu. Chilango chigwere ine, mwana asafe."

A Kalisto anayang'ana mtengo, anayang'ana anthu ovula zipewawo. Kenako anagogoda pansi ndi ndodo yawo. Panamveka ngati ng'oma.

"Mwanayo thamangani naye kuchipatala, angakhale malungo amenewo," anatero. "Ndipo inu bambo sunthani pamenepo, mungatitimire. Apa panali chimbudzi, ndinakumba ndine ndili mnyamata. Chitagumuka ndinaunjikapo miyala, n'kunamiza ana kuti ndi manda, kuopa kuti angagweremo. Anawo ndi awa amera imviwa."