Malaya a Malemu Gabriel

A Petronela ankasita malaya oyera a mwana wawo, malemu Gabriel, pakhonde ku Ndirande, pamene Mervis, mkazi wa malemuyo, anatulukira.

"Apongozi, malaya a amuna angawo akupita kuti?"

"Kukhoti. Lero ndi apilo ya Obed. Akaime pamaso pa jaji ngati munthu, osati m'sanza."

"Munthu woti anabaya mkulu wake chifukwa cha poloti?"

"Mwana mmodzi ndinamuika kale. Winayu ndimupereke kuchingwe? Wakufa savala malaya, choka apa!"

Mervis sanachoke. Anawalanda simbi yamakala ija n'kuikhazika pachifuwa cha malayawo mpaka utsi unafuka.

"Anamubaya pamenepa," anatero. "Kamuvekeni."