Khanda la m'Sewero la Khirisimasi

"Sindipita, amayi. Ndikasangalalire chiyani?" anatero Virginia. Khanda lake linali litangoikidwa m'manda sabata yomweyo, malungo atalitenga ali m'minibasi yopita ku Zomba.

"Tiyeni mukangokhala kumbuyo, mwanangu," apongozi ake anamunyengerera mpaka anadzuka.

Tchalitchi cha ku Kachulu chinali chitadzaza. Achinyamata ankachita sewero la kubadwa kwa Yesu, ndipo m'dengu anagonekamo khanda lenileni, la malemu Brenda amene anamwalira pobereka. Agogo a khandalo, a Namakhwa, ankalilera ndi phala lamadzimadzi.

Abusa a nkhosa atangogwada, khandalo linayamba kulira. Mtsikana amene ankasewera Mariya analitonthoza, koma ayi ndithu. Kwaya inakweza mawu, nalonso linakweza.

Virginia anatseka makutu. Ambuye, anatero mumtima, mwanditengera wanga, lero mukundizunziranji ndi wa eni? Koma bulauzi yake inali itanyowa kale ndi mkaka.

Anangozindikira ali kutsogolo. "Bwera naye kuno," anauza mtsikana uja. Anakhala pansi pakati pa angelo n'kumasula nsalu imene anamanga pachifuwa. Khandalo linayamwa mwaphuma, misozi ya Virginia ikugwera pamutu pake.

A Namakhwa anafika n'kugwada pambali pake. "Mwanangu, masiku onsewa ndakhala ndikupempha Mulungu mkaka."

Virginia analiyang'ana khandalo nthawi yaitali, kenako analifungatira.

"Ine, agogo, ndimapempha kuti uume."