Dzanja Lokodola

Kachidole ka pa laputopu katangokweza dzanja, mayi Marjory anasiya kusita.

Kanapangidwa ndi mwana wawo Winnet, pa pulogalamu ya ongophunzira kumene. Anaumba kamutu kozungulira, n'kukaveka chipewa ndi jekete yabulauni ngati ya malemu bambo ake. Ankafuna kukatumiza pa foni poitanira abale a ku St Mary's kumwambo wovundukula chiliza cha malemuwo. Pa mayendedwe okonzeratu a m'pulogalamumo, iye anasankha kubayibitsa.

Koma dzanjalo silinkagwedera uku ndi uku. Zala zinkapindikira pansi, kutambasuka, n'kupindikanso.

"Akundikodola," anatero mayiwo chapansipansi.

"Kwete, ayi amayi, akutsanzika. Azungu ena amabayibitsa choncho."

"Zaka zonse ndakhala nawozi, ndingalephere kudziwa akamandiitana?"

Winnet anafulumira kuti afufute dzanjalo, koma mayi ake anamugwira pamkono. Mayiwo anaimika nsimbi, n'kukonza duku lawo, kenako anagwada patsogolo pa tebulo monga ankachitira amuna awo akawaitana.

"Ndamva, bambo a Winnet," anatero. "Tayambani mwadikira. Mwanayu sanakwatiwe."