Nthenga Zitatu za Orrin

"Vundukula tione, mmisiri wa ku Toronto," anatero mayi Marvella, mayi ake aakulu a Orrin.

Orrin Jimerson anakoka monyada nsalu yophimba mwala. Zaka khumi zosemera azungu miyala mumzinda zinamuphunzitsa kukulunga mpango m'khosi ngakhale kunja kukutentha. Tsopano anali atasema malemu agogo ake, mfumu ya Aseneka, mtundu wina wa eni nthaka a ku America. Mwalawo ukanaima pakhomo pa holo ya mudzi pokhapokha mayiwa atavomera.

Mayi Marvella anayang'anitsitsa kumutu kwa mwalawo.

"Nthenga zitatu pachipewa cha bambo anga?"

"Imodzi imaoneka yaumphawi, amayi. Zitatu zimadzaza maso. Limeneli ndi luso, si aliyense angalimvetse."

"Luso lakolo lawasamutsa mtundu. Zitatu n'za Amohoki. Mseneka amaimika imodzi basi, ndi mwana woyamwa yemwe amadziwa."

Thukuta linayamba kunyowetsa mpango uja. Orrin anatola tchizulo ndi hamala kuti akonze pomwepo, anthu aone dzanja la katswiri. Kho, nthenga yoyamba pansi. Kho, yachiwiri. Mwala wofewawo unang'aluka, yachitatu nayo n'kutsata zinzake.

Kumbuyo wina anatsokomola. Chipewa chopanda nthenga yoimirira n'cha Atusikarora, mtundu winanso.

Mayi Marvella anayandikira, n'kupukuta fumbi pamphuno ya mwala ndi chala.

"Pepani bambo," anatero motsitsa mawu. "Zaka makumi asanu ndi atatu munkakana kusintha ngakhale mpando wokhalapo. Lero mdzukulu wanu wakusinthani mtundu kawiri, msuzi wa chimanga wa phwandoli usanapse n'komwe."