Kaya Inu?

Chikhazikitsireni lamulo la moni, khomo lililonse m'mudzi wa Chimbalanga linali ndi kabokosi ka boma. M'mawa uliwonse kankafunsa kuti, "Mwadzuka bwanji?" ndipo yankho lololedwa linali limodzi lokha: "Tadzuka bwino." Amuna ake a Nasibeko, a Zakeyu, tsiku lina anayankha kuti "pang'ono" chifukwa msana unkawapweteka. Galimoto inadzawatenga dzuwa lisanafike paliwombo, ndipo sanabwerenso. Kuyambira pamenepo, ngakhale chifuwa anthu ankakatsokomolera kudimba.

M'mawa wina kabokosi katafunsa, Nasibeko anamangitsa chitenje m'chiuno.

"Tadzuka bwino," anatero. "Kaya inu?"

Mwana wake Mwandida anagwetsa tsache. "Amayi, mwatiphetsa!"

"Takhala chete iwe. Ndi lamulo liti loletsa ulemu? Munthu akakupatsa moni umabweza."

M'kabokosimo munamveka kupuma, kupuma kwa munthu weniweni, wamantha ngati iwo omwe.

"Pang'ono, mayi," ananong'ona munthuyo.

Nasibeko anatola tsache lija n'kuyamba kusesa bwinobwino.

"Wamva? Nawonso sadzuka bwino. Pita ukauze mudzi wonse, mawa aliyense abweze moni."